Langford Analembetsa ku Msoro

"Wotsatira!" anaitana Everlyn, maso ali pa kompyuta.

Mtsikana wina analowa mu ofesi ya loji monyang'ama ngati akulowa kuchipinda kwa apongozi, napereka reji yake, chiphaso cha unzika, ndi manja awiri. Everlyn analemba nambala ija, makina anang'ung'udza pang'ono, kenaka dzina linatulukira m'zilembo zobiriwira.

"Cathrine Daka, Chinzombo. Ulipo, udzavota."

"Iii! Yandidziwa bwanji?" Mtsikanayo anagwira pakamwa. "Manje ikudziwanso za chibwenzi changa?"

"Zimenezo sizifuna kompyuta, mudzi wonse ukudziwa," anayankha wina ali pazenera, ndipo mzere wonse unafa nalo phwete mpaka kumtengo wa mchenja.

Munali kumapeto kwa Seputembala mu 1996, masankho atayandikira, dzuwa la kuchigwa cha Luangwa litayamba kale ukali wake. Chaka chimenecho maina a ovota analowetsedwa m'makina ku Lusaka, ndiye kunabuka mphekesera yoti makinawo akumeza maina a anthu, makamaka a achinyamata olembetsa koyamba. Ambiri anangotaya mtima. Koma Hosea, mtsogoleri wa achinyamata a kutchalitchi, munthu woti mpando umamuwotcha, anakwera basi mpaka ku Chipata nabwerako ndi kadisiki kochokera ku bungwe lina. M'kadisikimo munali maina a dera lawo lonse, kuyambira ku Chinzombo mpaka ku Msoro. Kompyuta yapafupi inali ya pa loji pomwe Everlyn ankagwira ukalaliki, ndipo bwana wa pamalopo anawalola maola awiri masana, alendo akagona tulo ta nkhomaliro, jeneleta ikulirira mafiriji.

Pabenchi ya panja panali munthu mmodzi yekha amene sanali wachinyamata. Mayi Alice ankafika tsiku lililonse mzere usanayambe, nkukhala duu mpaka womaliza atatuluka. Pansonga ya chitenje chawo anamangirirapo kapepala ka nambala ya reji ya mwana wawo Paskale, amene anachoka pakhomo zaka zitatu zapitazo osatsazika. Anthu ankati anapita kumigodi, koma kalata sinabwerepo ngakhale imodzi.

"Ifunsenso kompyutayo lero, mwana wanga," ankatero m'Chikunda, akumasula mfundo ija. "Kapena dzulo inali yotopa."

Everlyn ankalemba nambalayo ngakhale anali ataiiloweza kale pamtima, ndipo makina ankayankha chimodzimodzi, kuti palibe. Anawafotokozera kangapo kuti kadisikiko sikafika kumigodi. Mayiwo ankangomanganso mfundo yawo, nkuthokoza, nkumapita.

Tsiku limenelo linali Lachiwiri, ndipo womaliza pamzere anali Webster. Anavula chipewa pakhomo.

"Mwaswera bwanji, alamu?"

"Alamu mpaka liti, iwe?" anamudula Hosea. "Mowa ukuwira kale kwanu uko. Loweruka udzawaitana chomwechi pamaso pa abusa?"

Webster anakanda m'mutu, nayang'ana pansi. "Mwaswera bwanji, Everlyn," anakonza, mawu ali pansi ngati akuba.

Nkhani ya awiriwa inali yodziwika m'dera lonselo. Everlyn anakwatiwa ndi Langford Mbao, mkulu wake wa Webster, sikauti wolondera nyama. Sanathe ngakhale chaka m'banja. Tsiku lina mu 1993 Langford anapita kukalondera m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa ndipo sanabwerenso. Anzake anapeza mabuti ake ataikidwa bwinobwino pamchenga, mfuti ili pambali, ndi mkukuluzi wa ng'ona polowera m'madzi. Anafunafuna sabata yathunthu osapeza ngakhale fupa. Pomaliza akuluakulu anadula chipatso cha mvunguti chachitali ngati mkono, anachikulunga m'malaya ake a ntchito nkuchiika m'manda m'malo mwa mtembo, monga amachitira munthu akasowa m'madzi. Everlyn analira mpaka mawu kutha, anametedwa, navala zakuda.

Patatha chaka banja linamulowetsa Webster dzina la mkulu wake. Anamukhazika pamphasa, anamuveka chipewa cha malemu, anamupatsa nkhwangwa, wailesi ndi kabokosi ka mapepala, nanena pamaso pa anthu kuti Langford wadzuka. Kuyambira tsikulo akuluakulu ankamuitana Langford, ndipo anzake okha ndi Everlyn ndiwo anakakamira dzina lakale. M'kabokosi muja munali reji. Webster analibe yakeyake, poti ojambula mareji anali atatha zaka osatsikira kuchigwa, ndiye nthawi yolembetsa ovota itakwana sanaganize kawiri. Dzina linali lake, chipewa chinali chake, nanga reji ikanakhala ya yani? Chithunzi chinali chitazilala, ndipo ana a mimba imodzi mphuno zawo sizisiyana kwenikweni.

Za ukwati banja silinamukakamize Everlyn, ndipo iye anakana zaka ziwiri. Koma Webster ankamufolerera nyumba, ankamupirikitsira njovu kudimba, ankamusiyira nsomba pakhonde osanena kanthu, mpaka tsiku lina Everlyn anadzipeza akutchera khutu kudikira belu la njinga yake. Anamukonda, ndipo sanachite nazo manyazi. Ukwati unali Loweruka lomwelo.

Everlyn analandira reji ija osaiyang'ana kumaso. Nambala ya mwamuna wake sankafunika kuiwerenga. Anailemba, nakanikiza batani.

Makina anang'ung'udza nthawi yaitali kuposa masiku onse. Kenaka panatuluka mizere iwiri.

Langford Mbao, Chinzombo.

Langford Mbao, Msoro.

Nambala inali imodzi, chaka chobadwa chimodzinso. Everlyn anafufuta nalembanso pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Mizere iwiri yomweyo inabwerera nkuima pamenepo osagwedezeka. Thupi lake lonse linachita tsemwe ngakhale mu ofesimo munali thukuta lokhalokha. Panja nyenje zinkalira mosalekeza, ndipo kumtsinje mvuu inabangula kamodzi nkuti zii.

"Yalakwitsa," anatero Webster.

Hosea anaweramira pagalasi nawerenga ndi chala. Nthabwala zinali zitamuthera. "Siilakwitsa mwa mtundu umenewu. Imangobwereza zimene munthu analemba pafomu. Pali wina anaima pamaso pa kalaliki ku Msoro mu Febuluwale, ali ndi reji ya nambala iyi."

"Reji si iyi ili apa?"

"Ikatayika amapereka ina ku Chipata, nambala osasintha. Koma amayamba akufunsa mudzi wako, mfumu yako, dzina la amayi ako. Mlendo sangayankhe zonsezo." Hosea anapukuta kumaso. "Ndipo iwe mvetsa. Nambala ikapezeka kawiri akhoza kukufufutani nonse. Ukapita nayo reji imeneyi kukavota, ungathe kukathera m'manja mwa apolisi."

"Sindinabe ine! Dzinali anandiveka masana, anthu akuona."

"Boma silidziwa mphasa imene unakhalapo, bwanawe."

Anakanganabe, koma Everlyn sankawamvanso. Za kuvota zinali zitamuchoka m'mutu. Funso lake linali limodzi lokha, ndipo linkamuyang'ana pagalasi paja ndi maso obiriwira. Kodi iye anali wamasiye woyenera kukwatiwa Loweruka, kapena anali mkazi wa munthu?

Dzuwa lisanalowe nkhani inali itadumpha kale mipanda yonse ya m'mudzi. Ena ankati mzimu wa Langford wakana kuti dzina lake lilowedwe, ndiye ukuyendayenda kudzilembetsa wokha. Ena ankanong'ona kuti ng'ona ija inali yotumidwa, kuti munthuyo anamusandutsa ndondocha, anamudula lilime, ndipo akulima thonje la mfiti ina ku Msoro. Makolo angapo analetsa ana awo kupitanso ku loji, ati bokosi loitana akufa silingakhale la Mulungu. Apongozi ake a Everlyn sanasiye ngakhale kutakasa mowa mumgolo.

"Mwana wanga ndinamuika ine ndi manja angawa," anatero. "Kabokosi ka azungu kasandidzutsire maliro. Moto uwu usazime, ukwati ulipo."

Everlyn anagwada nawayankha mwaulemu kuti wamva. Mumtima anali atamanga kale ulendo.

Lachitatu m'mamawa Webster anamupeza akutseka chitseko, kachikwama kali m'khwapa.

"Ndikuperekeze, Everlyn. Kumeneko sukudziwako munthu."

"Iyayi. Ngati ndi mzimu, ukufuna iwe amene wavala chipewa chake. Ngati si mzimu… ngati si mzimu, ndiyenera kumuona ndekha."

Njira ya kumsewu imalambalala manda, ndipo kwa zaka zitatu Everlyn ankadutsapo nkhope itayang'ana kwina. M'mawa umenewo anaima. Tchire lonse linali litauma gwaa, mitengo ili mbee yopanda tsamba, koma pamtumbira wa Langford panali kamtengo ka mvunguti kofika m'chiuno, kobiriwira ngati zilembo zija. Anali atamva kuti chipatso chija chinamera, koma anali asanadzionerepo. Mphepo kunalibe, komabe masamba ake ankagwedera pang'ono. Everlyn anafulumiza miyendo ndipo sanacheukenso.

Anakwera minibasi mpaka ku Jumbe, kumeneko nkupeza lole yopita kukatenga mabelo otsala a thonje. Anafika ku Msoro dzuwa litapendeka, fumbi lili mpaka m'mano. Pasukulu anamulozera kwa Mayi Delia, mphunzitsi amene anagwira ntchito yolembetsa ovota. Mayiwo anamuyalira mkeka, namupatsa madzi, namvetsera dzina lija akutsinzina.

"Mbao… ee, ndamukumbuka. Anabwera tsiku lomaliza, cha m'ma sikisitini awazi, kumadzulo, anthu atatha. Analibe nsapato. Kuno timamuti Monday, poti anafika Lolemba kudzapempha ganyu ndipo dzina sanatchule. Nditaona reji ndinati, a Monday, kani muli ndi dzina lalikulu chonchi? Sanaseke. Atalandira kapepala kake anaima pakhomo nthawi yaitali akungokayang'ana, mpaka ine ndinachita mantha kutseka."

"Amayankhula?" anafunsa Everlyn. Anachita manyazi ndi funsolo, iye munthu wa kompyuta, koma za lilime zija zinali zitamukhala pamtima.

"Mawu atatu pa sabata. Amakhala yekha kumunda, kutsidya kwa mtsinje wa Lupande. Ana amamuthawa." Mayi Delia anamuyang'anitsitsa. "Ndi ndani wanu?"

"Sindikudziwa," anayankha Everlyn, ndipo sananame.

M'mawa mwake anaoloka Lupande pamchenga wouma, natsata kanjira kamene anamulozera. Inali nyengo yotentha mapesi a thonje, ndipo utsi unali utagona pansi m'minda yonse osakwera kumwamba. Dzuwa linkaoneka lofiira ngati khala ngakhale anali masana. Kunalibe galu, kunalibe tambala, ngakhale mbalame. Ankangomva kuthetheka kwa moto ndi mapazi ake omwe. Kawiri konse anaima nafuna kubwerera, ndipo kawiri konse anakumbukira kuti Loweruka latsala masiku awiri.

Kumapeto kwa munda womaliza kunali kamsasa ka udzu. Pafupi nako china chake chinkayenda mu utsi, nkusowa, nkuonekanso. Chinali ndi mtengo wa mphanda m'manja, chikukokera mapesi pamulu. Kenaka utsi unang'ambika, ndipo Everlyn anaona munthu woonda, wandevu zosapesa, wopanda nsapato. Nkhope sanaizindikire msanga. Chimene anazindikira ndi kupendeketsa mutu kumanzere, monga ankachitira Langford akamamvetsera njovu zili kutali.

Munthuyo anaima. Mphanda ija inagwa pansi.

"Eve," anatero.

Everlyn sanaganize. Manja ake anachita zimene anaona akuluakulu akuchita ali mwana, munthu amene anamulira maliro akatulukira. Anawerama, anatapa phulusa lofunda, namuwaza nalo pachifuwa ndi kumaso. Anadikira kuti azimirire. Phulusa linamatirira pathukuta, ndipo munthuyo anatsokomola, natsokomolanso, akupukuta m'maso.

Mantha onse anamuthera pomwepo, ndipo m'malo mwake munalowa ukali woti anali asanaumvepo chibadwire.

"Ndinakumetera tsitsi," anatero. "Ndinavala zakuda chaka chathunthu. Amayi ako anatsala pang'ono kudziponya m'dzenje kutsatira mvunguti. Iwe uli kuno ukuwotcha mapesi!"

Langford anakhala pansi pomwe anaima. Mawu ake ankatuluka movutikira ngati chitseko cha dzimbiri. "Wandipeza bwanji?"

"Kompyuta. Dzina lako latuluka."

Anapukusa mutu. "Ndinkayesa mapepala a boma amangokaunjikidwa ku Lusaka, chiswe nkudya. Sindinadziwe kuti amakumana."

"Nanga unalembetseranji, ngati unkafuna kukhala wakufa?"

"Anyamata a kumishoni anafika mpaka kuno kumunda, ati wachinyamata aliyense awerengedwe." Anayang'ana mapazi ake ong'ambika. "Zaka zitatu, Eve, palibe anandiitanapo dzina langa. Ndinayamba kukayika ngati ndilipo. Ndinayenda wapansi mpaka ku Chipata kukatenga reji ina. Kuvota sindinakuganizire nkomwe. Ndinangofuna kuona dzina langa wina akulilemba."

"Chinakuthawitsa nchiyani? Ine?"

"Iyayi."

Everlyn anayesa kuti mawu ake atatu a sabata imeneyo atha. Kenaka Langford anayamba, maso ali pamoto.

"Tsiku lija ndinali ndekha, mnzanga anatsala kukampu ndi malungo. Ndinamva munthu m'bango akuonjola misampha ya waya. Ndinakuwa kuti aime. Anathawira kumadzi, m'manja muli chinthu chachitali chakuda, ndiye atatembenuka ndinaombera. Inali nkhwangwa chabe. Nkhope ndinaiona akugwa." Anapumira m'mwamba. "Anali Paskale."

Everlyn anagwira pachifuwa.

"Tinkawedza limodzi tili ana. Amayi anga atadwala, amake Paskale ndiwo anandiyamwitsa. Anagwera m'madzi, ndipo ng'ona inali pafupi. Ndinavula mabuti, ndinaika mfuti pansi, ndinati ndimutsatire. Madzi atafika m'mawondo ndinalephera. Kumudzi ndikanakawayang'ana bwanji amayi aja? Ndinangoyamba kuyenda m'mbali mwa madzi, ndipo sindinaime."

Utsi unawakutanso. Everlyn sankaona munda, sankaona mwamuna wake. Ankaona zala zokalamba zikumasula mfundo ya chitenje.

Patapita kanthawi anamuuza zonse, poti panalibenso chobisa. Anamuuza za mphasa, za chipewa, za reji ya m'kabokosi ndi mizere iwiri ya pagalasi. Pomaliza anamuuza za Loweruka, ndipo pamenepo sanatsitse maso.

"Umamukonda?"

"Ee."

Langford anaseka kaseko kouma kamene kanathera m'chifuwa. "Ndiye kuti Langford alipo kale. Ali ndi chipewa, ali ndi wailesi, Loweruka lino akhala ndi mkazi. Zili bwino."

Anadzuka nalowa mumsasa, natulukamo ndi kapulasitiki komangidwa ndi luzi. Anamasula. Munali reji yatsopano ndi kapepala ka ovota. Anaziyang'ana kamphindi, kenaka anaziponya pamulu wa mapesi oyaka. Reji inapindika, nkhope ya pachithunzi inatupa, inada, nkusungunuka.

"Manje watsala mmodzi. Pita ukakwatiwe. Ukanene kuti unapeza wakuba amene anatola nambala ya munthu wakufa. Munandiika kale, musavutike kufukula."

Tisanamizane, Everlyn anafuna kutero. Anafuna ndi mtima wake wonse. M'mundamo munalibe mboni, Mayi Delia sanamuuze kuti iye ndi ndani, ndipo apongozi akanalandira bodzalo ndi nthungululu. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo zitatu mwa izo anazithera pa chipatso cha mtengo. Ndani akanamuimba mlandu?

"Nanga amake Paskale?" anafunsa motsitsa.

"Asiye aziti ali kumigodi. Kumigodi nkwabwino kusiyana ndi kumene ali."

"Amabwera tsiku lililonse ku ofesi kwanga. Amati ndiifunse kompyuta."

Langford anatola mphanda yake. Everlyn sanalonjeze kanthu, nayenso sanamupemphe kulonjeza. Atafika m'malire mwa munda anacheuka kamodzi. Kunali utsi wokhawokha.

Ulendo wobwerera unamutengera mpaka Lachisanu, poti lole inafera panjira. Atakhala pamwamba pa mabelo ankayeseza bodza lija ngati mwana woloweza vesi. Anali wakuba, mnyamata wina wa ku Petauke, wathawa. Pofika ku Jumbe linali litasalala moti iye mwini anayamba kulikhulupirira. Pofika ku Chinzombo cha m'ma fotini awazi masana anaona utsi wa migolo ya mowa ukukwera kwa apongozi, namva amayi akuimba posinja. Mtima wake unapepuka pang'ono. Analunjika ku loji, poti inali nthawi ya kompyuta.

Mzere unali waufupi, anthu asanu ndi mmodzi okha olimba mtima. Pazenera ankaoneka Hosea akusakasaka zilembo ndi chala chimodzi, lilime lili panja. Pansi pa mchenja panali Webster, atatsamira njinga yake, chipewa chija chili kumutu. Ankaoneka kuti masiku awiriwo anawathera pamtengo womwewo. Atamuona anawongoka. Sanafunse ndi pakamwa, maso okha ndiwo anafunsa.

Everlyn anatsegula pakamwa. Bodza linali pansonga ya lilime, lokonzeka.

Pomwepo wina anamukoka diresi kumbuyo.

"Wabwera, mwana wanga. Mulungu ngwabwino." Anali Mayi Alice, atadzuka pabenchi yawo. "Uyu sadziwa kuifunsa bwino, amaikalipira. Ifunse iwe, imakumvera."

Anayamba kumasula mfundo. Mfundoyo inali yolimba, koma sanafune kuthandizidwa. Kapepala kanatuluka katafewa ndi thukuta, katatsala pang'ono kuduka mopindamo. Anakatambasula mosamala pachikhatho nakapereka ndi manja awiri.

Everlyn anakayang'ana. Anadziona akulemba nambala imeneyo lero, ndi Lolemba atakwatiwa, ndi chaka cha mawa ali ndi mwana kumsana. Anadziona akutembenuka tsiku lililonse nkunena kuti palibe, amayi, mwina mawa. Kale ankanena mawuwo ndi chisoni choyera. Tsopano akanawanena akudziwa malo enieni pamchenga pomwe mabuti anaikidwa.

Anagwada pafumbi pomwepo, achinyamata akuona. Anapinda zala za mayiwo pa kapepala kaja, nazigwira ndi manja ake onse.

"Amayi, kompyuta siimudziwa Paskale. Musabwerenso kudzaifunsa." Misozi inali itayamba kale. "Ine ndi amene ndadziwa kumene ali. Tiyeni kunyumba, mutumize mawu kwa alongo anu. Si nkhani yonenera panjira."

Mayi Alice anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanafunse kuti kuti. Anakhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu amene watula katundu wolemera amene sankafuna kumutula.

Everlyn anadzutsa mutu. Webster anali atasendera pafupi, njinga ataisiya itagwa.

"Webster," anatero, "vula chipewacho. Mwini wake ali moyo."

Mu ofesi Hosea anasiya kugogoda. Nyenje zokha ndizo sizinamve.

Webster anakweza dzanja pang'onopang'ono navula chipewa chija. Anachitembenuza kawiri m'manja mwake ngati akufuna pochigwira. Anayang'ana kumene utsi wa mowa unkakwera, kenaka anayang'ana Everlyn, ndipo Everlyn anaona kuti wamvetsa zonse popanda kumuuza.

"Ndamva, alamu," anatero.

Anadzutsa njinga yake, nathandiza kukweza Mayi Alice pakaliyala, nayamba kuikankha kulowera kumudzi. Everlyn ankatsatira pambuyo atagwirizira mayiwo kumsana. Belu silinalire njira yonse.

Za Langford zinatsala m'manja mwa akuluakulu a mabanja awiriwo ndi apolisi, ndipo zinatenga miyezi. Webster sanavote chaka chimenecho. Hosea anayamba mndandanda watsopano pa kompyuta, wa achinyamata opanda reji woti autumize kuboma, ndipo dzina loyamba Everlyn analilemba yekha: Webster Mbao.

Loweruka lija anthu anasonkhanadi, ndipo mowa wa ukwati unamwedwa wonse, koma kunyumba kwa Mayi Alice. Webster ndiye anakwera mumtengo kukadula mvunguti. Malaya a Paskale panalibe, choncho chipatsocho anachikulunga m'chitenje cha amayi ake, kapepala kaja kali pamfundo pomwepo.